Kalongonda amene ndinaphula msanga

Ndili ndi kalesitilanti pa Chiringa, ndipo chimene anthu amabwerera ndi kalongonda. Mlomwe aliyense amadziwa kuti nyemba zimenezi zimafuna kuwira tsiku lonse uku ukutaya madzi, apo ayi zimazunguza mutu. Tsiku lina la msika nkhuni zinandithera, ine n'kuphula msanga. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

A Namakhwa, bambo ogula nandolo m'midzi, atangolawa anakwinya nkhope.

“Mayi, wapsa koma ameneyu? Akuwawatu.”

Anthu onse anatembenuka. Ine, m'malo mochotsa mbaleyo, ndinaseka.

“Ndi m'kamwa mwanumo, bambo. Si malungo amenewo?”

Anachita manyazi n'kumaliza mbale yonse. Ndinawaona akuchoka, njinga akuchita kukankha, akuyenda ngati amwa kachasu. Kalongonda wotsalayo ndinakamutaya kuseri mwakachetechete.

Patapita masiku anabweranso atanyamula chinangwa.

“Ndinakayezetsa kuchipatala, malungo sanawapeze. Komabe zikomo, mayi, inu nokha ndi amene munaona kuti sindili bwino.”

Chinangwacho ndinalandira ndi manja awiri. Mpaka lero akamadutsa ndimathawira kukhitchini.