Agogo Afunsira Mayi Asiyatu

Lachiwiri, kuno ku Utale. Moni nonse. Ndinadzuka ndi nkhawa, koma ndaseka mpaka misozi.

Mayi Asiyatu, amene amasamalira agogo aamuna chiyambireni kudwala, anena m'mawa kuti akapanda kulandira malipiro awo a miyezi itatu, Lachisanu akusiya ntchito.

Agogo atamva, andiuza ndiwaveke jekete lawo la baji ya chipani lija. Kenako akuti, "Asiyatu, ndingokukwatirani basi. Mkazi wapanyumba salipidwa."

Mayiwo, uku akuwapukuta kukamwa, akuti, "Iyayi bambo, yaulere ndinagwira kale kwa malemu amuna anga. Ukwati ndalola, koma malipiro apitirire!"

Amalume ku Balaka, mukuti bwanji? Mayiwa akachoka, wosiya sukulu kuti azisamalira agogo ndine. Mawa ndiitana wogula mbuzi zanu zija kuti tiwalipire, pokhapokha mutandiletsa ndi ndalama.