Ankati Vuto Ndi Koluna

Amuna anga anagwira ntchito pa chigayo cha dizilo kuno ku Chidzolomondo kuyambira pamene tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha, mpaka tsitsi lawo linayera lokha popanda ufa. Lamulungu lililonse ankaimba gitala ya besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Anaphunzirira kothawa nkhondo komweko, pa chigitala cha chingwe chimodzi chokuta ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo ine ndinawalola chifukwa cha zala zimenezo. Nkhope yokha ayi ndithu, paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, mowa samwa, bawo salidziwa. Kuwachotsera besi uja n'kuwasiya opanda kanthu, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Gitala yeniyeni anawagulira mwana wathu woyamba amene ali ku Tete, pamodzi ndi kabokosi kakuda kokweza mawu, kongofanana ndi chigubu cha madzi. Kutsogolo kwake kunali koluna imodzi, imene ena amati sipika, yaikulu ngati mbale ya ndiwo, ndipo pamwamba panali timabatani topotokola. Kutchalitchi ankakalumikiza ku bateriya, n'kukhala pampando kumbuyo kwa oimba, mutu atauweramitsira ku kabokosiko.

Ine ndinayamba kuzionera kunyumba. Mbuzi zinalowa m'munda wa nyemba kuseri kwa nyumba, ana akukuwa, agalu akuuwa, iwo ali phee pakhonde akusema mpini. Tsiku lina mnyamata wa mota, njinga yamoto ija, anawalizira buzina mpaka anakagwera m'tchire powazemba. Ine kuzungulira sindikudziwa, ndinawauza maso ndi maso.

"Abambo, makutu anu akutha. Chigayo chija chakudyani."

"Inuyo ndi amene mwayamba kulankhulira m'mimba," anatero, n'kupitiriza kusema.

Kutchalitchi nako zinayamba kusokonekera. Kwaya ikalowera uku, besi ankalowera uko. Timabatani tija ankatipotokola mpaka pothera, komabe ankakwinya nkhope ngati munthu amene akumvetsera wailesi ya kwa eni. Tsiku lina titaweruka anafunsa mtsogoleri wa kwaya, mphunzitsi wachinyamata wa pa sikola yathu, kuti n'chifukwa chiyani besi akumveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Mphunzitsi uja anakanda m'mutu, n'kuyang'ana pansi.

"Mwina ndi koluna, abambo. Zinthuzi zimatopa."

Kwaya yonse inavomera ngati nyimbo. "Eya, koluna. Koluna yatopa."

Ine ndinali chapomwepo, ndipo magazi anandiwira. Ndinamukokera pambali mphunzitsiyo n'kumufunsa kuti wawanamiziranji.

"Amayi," anatero, "ine ndingauze munthu wamkulu ngati ameneyo kuti wagontha? Pakamwa panga pangatseguke bwanji?"

Ulemu! Ulemu wake uti wosiya munthu akulowera kudzenje iwe ukumuwombera m'manja? Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma anansi athu onse ankangomwetulira. Tsopano amuna anga anali ndi mboni kwaya yathunthu, ine ndinatsala ndekha, mkazi wolongolola. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalibenso nkhani ina koma koluna yatsopano.

Fodya atagulitsidwa anati akupita ku Furancungo. Ndinati ndipita nawo, chifukwa ndinali ndi maganizo anga: chipatala sichili patali ndi msika. Tinakwera mota imodzi, woyendetsa, iwo, kabokosi pamiyendo, ine kumbuyo ndikumeza fumbi. Pafupi ndi msika pali bambo wina wokonza mawailesi. Analumikiza kabokosi kaja, n'kukayesa, kenaka ananena chakumbali akufunafuna chitsulo chake.

"Epa, koluna iyi ilibe vuto, madala."

Amuna anga sanamve. Ndinabwereza ine mokuwa, mpaka amayi ogulitsa mbatatesi anatembenuka.

"Akuti ilibe vuto!"

"Ndi ulesi, sakufuna kuvutika," anayankha amuna anga.

Wokonza uja anandiyang'ana, n'kuwayang'ana iwo, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Koma nayenso ndi mwana wa kwathu konkuno, komanso wogula anali ataima pakhomo pake. Analowa mkati n'kutulutsa chikoluna chachikulu ngati beseni losambira m'manja. Anachitembenuza n'kuyerekeza nambala ya kumbuyo kwake ndi ya yakale ija, akuti zikasiyana kabokosi kapsa. Zinafanana. Anauza amuna anga kuti bowo la kutsogolo alikulitse, waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, pronto.

Pochoka pamenepo ndinawagwira mkono n'kuwakokera kuchipatala. Tinafika pachipata penipeni, anamwino tikuwaona apo. Anaima nji.

"Wodwala ndi kabokosika, ndipo mankhwala ake tagula kale," anatero.

Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinatchula ana athu. Nada, sanasunthe. Pobwerera ndinalira njira yonse kumbuyo kwa mota, misozi ya mkwiyo, ndipo iwo sanamve ngakhale pang'ono.

Koluna yatsopano ija anaiika m'mawa mwake pakhonde. Ndinawathandiza, nanga ndikanatani? Ndinapana kabokosi ndi mawondo iwo akumasula mapalafuzo, misomali yopotokola ija, n'kumawaponya m'mbale yanga. Maginito a chikoluna chija anali aukali, anangoti khwa kukoka mpeni umene ndinkasendera mbatata. Anatenga chivundikiro cha poto n'kulemba mzere wozungulira ndi khala pa thabwa la kutsogolo, kenaka anadula pang'onopang'ono ndi kasowo kobwereka kwa kalipentala. Anawotcha msomali pa mbaula mpaka unafiira, n'kusungunulira mtovu polumikiza mawaya awiri aja. M'mphepete anayalamo timizere ta mphira wa chubu cha njinga kuti mpweya usamatulukire m'mbali. Ntchito yake inali yaudongo, zimenezo sindingawanamizire. Ankaimba mluzu nthawi yonseyo, munthu amene ndinali nditaiwala kuti amadziwa kusangalala, ndipo chisangalalo chimenecho chinkandipweteka kuposa kukangana kwathu.

Tinabwereka bateriya kwa oyandikana nawo. Amuna anga anakhala pampando, n'kukhudza chingwe chonenepa chija kamodzi kokha. Mayo ine! Nkhuku zinabalalika, malata ananjenjemera, mbale zinalira pa thandala. Ndinazimva m'mano ndi m'chifuwa momwe. Iwo anaweramitsa mutu, n'kukhudzanso, n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Yasinthako pang'ono," anatero. "Ikufuna izolowere."

Pang'ono! Pamenepo mphamvu zinandithera. Sindinakalipe. Ndinatola mbale yanga n'kulowa m'nyumba, ndikudziwa kuti palibe koluna pa dziko lino imene ingawafikire kumene anali.

Lamulungu lotsatira linali la zothokoza za masika. Tchalitchi chinadzaza, kunabwera ndi alendo a m'midzi ina, matumba a chimanga ndi nyemba ataunjikidwa kutsogolo. Amuna anga ndinawapempha panjira kuti timabatani asatifikitse pothera. Anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati anamva.

Kwaya itaimirira, besi analowa ngati galimoto ya fodya yalowa m'nyumba. Mawu a oimba anamira onse, tinkangoona milomo ikuyenda. Makanda anayamba kulira, agogo ena anatseka makutu ndi nsalu. Mphunzitsi uja ankatsitsa dzanja kuti achepetse, koma amuna anga mutu unali pansi, khutu ku kabokosi, maso ali tsinzi. Nyimboyo ankaidziwa kuyambira kale, ndipo ankaiyendetsa ndi m'mutu, osati ndi makutu. Mphunzitsi ataona kuti zakanika, anafumbata dzanja n'kuidula nyimbo ndime yomaliza isanayambe. Oimba anakhala pansi.

Amuna anga analowa ndime yomaliza okha.

Anaiimba bwino, ndipo ndicho chimandiwawa mpaka lero. Popanda kwaya yoti asemphane nayo, besi uja anayenda mosalala, chala chilichonse pamalo pake, phazi likugunda pansi, nkhope ili yowala. Tchalitchi chonse chinali zii. Akuluakulu a mpingo ankayang'ana nsapato zawo. Ana ena kumbuyo anayamba kuseka chamumtima, alendo ankanong'onezana. Anthu onse aja amene anavomera kuti vuto ndi koluna anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene anakhala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatambasula dzanja. Mphunzitsi anatembenuka n'kuyang'ana ine.

Ndinanyamuka kumbali ya amayi, n'kudutsa kutsogolo kwa anthu onse. Ndinagwada pambali pawo n'kuika dzanja langa pa zala zawo. Anadzidzimuka, n'kukweza mutu. Anaona oimba atakhala kale, mabuku atatseka. Anaona tchalitchi chonse chikuwayang'ana, kenaka chonse chikuthawitsa maso. Anazimitsa kabokosi okha, n'kukulunga waya pang'onopang'ono, ndipo anakhala manja ali pamawondo mpaka mapemphero anatha. Limenelo linali tsiku lawo lomaliza kugwira gitala.

Titaweruka sanadikire kupatsana moni. Anasenza kabokosi paphewa, katalemera tsopano ndi chikoluna chija, ine ndinanyamula gitala. Tinayenda mpaka pa kamtsinje, pamene anatula katundu pamwala n'kutembenuka.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Anasiya liti kuimba?"

"Ndime yonse yomaliza munaimba nokha," ndinatero. Mawu anatuluka ofooka.

Anayang'anitsitsa milomo yanga, n'kusendera pafupi.

"Nenaninso. Mokweza."

Kumbuyo kwathu kunkabwera anthu ochokera kutchalitchi, oimba ena ali momwemo. Ine amene ndakhala ndikukuwa m'banja muno moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndinkafuna kunena motsitsa, mowanyengerera, kuti zikhale za awirife. Koma motsitsa sakanamva. Ndinakoka mpweya n'kuwakuwira m'khutu, anthu onse akumva, kuti munaimba nokha abambo, nokhanokha, ndipo anagwedeza mutu kuti amva.