Nthambi Yosakhazikika ndi Mayeso a Fomu 2

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala kwathu, kufupi ndi Nsaru, kudikira zotsatira. M'mawa ndinkathandiza bambo kuthirira nazale ya fodya, masana ndinkapita ku sekondale yathu yoyendera. Aphunzitsi a sayansi, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu, anali atandipatsa kiyi wa chipinda cha makompyuta. Munali makompyuta anayi akale. Ndinkawapukuta fumbi, ndinkayang'anira batire la sola, ndipo ana akaweruka ndinkakhala pansi n'kumaphunzira ndekha. Kiyiyo anali asanapatsidwepo mwana wasukulu wina aliyense, ndipo sindinkafuna kuti Madamu adzanong'oneze bondo.

Makompyutawo ankayendera sisitimu yaulere, imene imakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Kudzera pafoni ndinalowa m'gulu la oyesa maphukusi, ndiye kuti mapulogalamu omangidwa kale kuti munthu angowalowetsa mu kompyuta. Ntchito yathu inali kuwatsegula, kuwagwiritsa ntchito, ndi kulemba pamene akukanika. Wotitsogolera anali mkulu wina wa ku tauni amene sindinaonanepo naye. Ndinkawatchula kuti achimwene.

Miyezi iwiri ndinayesa pulogalamu yophunzitsa ana kutaipa ndi ina yojambulira. Cholakwika chilichonse ndinkayamba ndachilemba mu kope, kenako n'kuchitumiza. Yankho linkabwera limodzimodzi: chinakonzedwa kale. Ndinkachita manyazi kufunsa kuti chinakonzedwa bwanji pomwe ine ndikuchiona ndi maso angawa. Ndinkangothokoza, n'kuyamba kusakasaka china.

Tsiku lina achimwene aja anandiimbira.

"Mphwanga, kodi iweyo uli pa nthambi iti?"

"Nthambi ya chiyani, achimwene?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi ndithu! Miyezi iwiri yonseyi ukupalira munda wokolola kale?"

Anandifotokozera kuti sisitimuyi ili ndi nthambi zitatu. Yokhazikika sisinthasintha, ndi ya m'maofesi ndi m'masukulu, koma maphukusi ake ndi akale. Ine ndinali pa imeneyo. Yosakhazikika ndi kumene maphukusi atsopano amafikira tsiku ndi tsiku, ndipo imatha kugwa m'mawa uliwonse. Ndiye pali yapakati, imene imalandira phukusi likakhala masiku angapo ku yosakhazikika popanda kuvuta.

"Ife tikusowa anthu pa yosakhazikika. Ungathe eti?"

"Eya, ndingathe."

Sindinawauze kuti pasukulu pathu netiweki sigwira. Kuti ndikope chilichonse chachikulu pafoni ndinkapalasa njinga mpaka ku Nsaru, n'kukhala pakhonde la golosale ya bambo wina wachisilamu amene sankandithamangitsa. Sindinawauzenso kuti makompyuta atatu anali ndi disiki yaing'ono, ndipo yokhala ndi malo okwanira nthambi ziwiri inali imodzi yokha, yolumikizidwa ku pulinta, imene Madamu ankataipirapo mayeso.

Madamu nawonso ndinawauza theka.

"Ndimafuna kuyesako zina pa kompyuta yaikuluyi."

"Bola isafe. Mayeso a Fomu 2 ali m'menemo. Ndisindikiza Lachisanu sabata yamawa."

"Siifa, Madamu."

Masiku awiri ndinalingalira. Ndinkadziwa kuti yoyenera munthu ngati ine ndi yapakati, chifukwa ulendo umodzi pa sabata ukanakwanira. Koma ndinali nditavomera kale, ndipo kuimba foni kuti ndasintha maganizo kunandilemera kuposa kupalasa njinga. Ndinagawa disiki pawiri, mbali ina yokhazikika ya Madamu, mbali ina yosakhazikika yanga. Ndisanatero ndinatsatira lamulo loyamba la gulu lathu, loti usanakhudze disiki sunga zonse pena. Ndinakopera mafayilo onse mu fulashi yanga, osatsegula ngakhale imodzi. Masana fulashiyo inkakhala m'thumba la malaya, ndikafika kunyumba ndinkaiika m'chikwama changa cha mabuku.

Masiku otsatira sindikuwakumbukira bwino, chifukwa anali ofanana. Unali mwezi wa Okutobala. Ndinkapalasa dzuwa likuswa mtengo, ndinkakhala pakhonde lija kuyang'ana kamzera koonetsa zimene ndikukopa kakukwawa pafoni, ndinkabwerera, ndinkalowetsa, ndinkayesa, ndinkalemba. Ndikatumiza, yankho linkati phukusi limenelo lasinthidwanso m'mawa uno, yesa ndi latsopano. Mawa lake ulendo womwewo. Bambo anayamba kudandaula kuti mbande zikufota, ndipo mayi ankandifunsa ngati makompyutawo amadya anthu, poona m'mene ndinaondera.

Lachinayi madzulo ndinalowetsa maphukusi a tsikulo n'kuzimitsa kompyuta kuti iyambirenso. Inangoonetsa sikirini yakuda ndi timawu toyera pakona. Mbali yanga sinatseguke, ya Madamu sinatsegukenso. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa mpaka batire linatha.

Lachisanu m'mawa Madamu analowa atanyamula mtolo wa mapepala. Ndinaimirira n'kuwauza zimene zachitika, maso ali pansi. Kenako ndinatulutsa fulashi, ndipo kunena zoona, ndinamva kakunyada pang'ono.

"Koma musadandaule, Madamu. Zonse ndinasunga umu. Tikhoza kukasindikiza ku Nsaru lero lomwe."

Anaika mapepala patebulo. Fulashiyo sanailandire.

"Zonse? Ndi mayeso omwe?"

"Eya."

"Wakhala nayo masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Imagona kuti?"

"Kunyumba, m'chikwama."

"Nanga mlongo wako ali Fomu chani?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Mlongo wanga anali Fomu 2, ndipo chikwamacho ankachitsegula tsiku lililonse kufuna cholembera.

"Sindinatsegule, Madamu. Iyenso sadziwa n'komwe. Kunyumba kulibe kompyuta."

"Ine ndikukukhulupirira. Koma mtsikana uja ndi wanzeru, akhoza bwino ndithu. Akadzakhala nambala wani, wina n'kumva kuti mayeso anagona kwanu sabata yathunthu, ndidzawauza chiyani makolo a enawo? Ndidzawafotokozera za nthambi zakozo?"

Sanakweze mawu. Anakoka mpando, anatenga pepala limodzi pa mtolo uja, n'kuyamba kulemba funso loyamba pamanja. Anandiuza kuti ndituluke, poti tsopano sindinkayenera kuonanso. Loweruka ndi Lamlungu lonse anakonza mafunso atsopano, ndipo Lolemba anawalemba pabolodi ndi choko, ana akudandaula kuti sakuona bwino kumbuyo.

Kompyuta ija inanditengera masiku atatu kuti idzuke. Ndinafufuta mbali yanga yonse, n'kubwezera zinthu monga zinalili. Madamu anayesa pulinta, inasindikiza. Kenako anatambasula dzanja, ndipo ndinamasula kiyi pa chingwe chimene ndinkamumangirira pa lamba.

"Uzibwerabe," anatero. "Koma uzigwiritsa ntchito kakompyuta kakale kaja kapakona, ndiponso ine ndilipo. Uchite nako zimene ukufuna, mulibe kanthu kanga."

Madzulo ake ndinaimbira achimwene aja. Ndinali nditalemba mawu anga papepala kuti ndisabwerere m'mbuyo. Ndinawauza za netiweki, za njinga, za mayeso, za kakompyuta kapakona kaja, ndiponso kuti yosakhazikika sindingaithe.

"Ndiye unavomereranji?"

"Ndimaopa kukukhumudwitsani."

"Iwe, ukanakana ndikanakumenya pafoni? Tamvera. Ika yapakati pa kakompyuta kakoko. Zambiri ena azikhala atakuyambirira kuziona, usadabwe. Koma pa chinkhalamba ngati chimenecho palibe akuyesapo, ndiye mwina uzipezako zina."

Ndinaika yapakati. Kakompyutako kankatenga nthawi yoti munthu n'kupita kumjigo n'kubwerako kasanatseguke. Ku Nsaru ndinkapita Loweruka lokha, ndipo malipoti anga anachepa, mwina awiri pa sabata. Masiku enawo ndikamaliza kuthirira ndinkapita kusukulu n'kukhala pakhonde la chipinda chija, kudikira kuti Madamu amalize kuphunzitsa. Nthawi zina ankabwera msanga. Nthawi zina kunkakhala msonkhano wa aphunzitsi, ndipo ndinkabwerera kunyumba osalowa. Kiyi sanandibwezere mpaka zotsatira zinatuluka, inenso sindinapemphe.