Dokota Wosadonsa

Chaka chimene ndinayamba ntchito yobaya jakisoni pa kachipatala kena kufupi ndi Kabwata, anthu ankatiopa kuposa apolisi. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo nkhani ya banyama inali pakamwa pa aliyense. Ankati pali anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu kuti azipopa magazi a anzawo. Nanga ine wovala zoyera, singano ili m'manja, mukuganiza ankandiyesa yani?

Mdani wanga weniweni anali penisilini. Wa masiku amenewo anali woyera, wolimba ngati phala la mwana. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchito, bambo wosaseka wa ku Katete, anandiuza kuti mankhwalawa si madzi ayi, ndi timibulu tosaoneka toyandama m'madzi. Ukapukusa botolo m'manja timabalalika. Ukaima pang'ono, kapena kukankha mwaukali, timathamangira pakamwa pa singano tonse pamodzi n'kupanikizana, monga amachitira anthu pakhomo la basi ya ku Matero. Zikatero palibe chotuluka. Anandipatsanso lamulo lina: ukabaya, uyambe wakoka pang'ono uone ngati mukubwera magazi, chifukwa mankhwala amenewa akalowa mumtsempha amapha.

Masana ena, mkuluyo atapita m'tauni kukatenga katundu, kunabwera telala wina wa Chisilamu, kwawo ku Nyasalande, atanyamula mwana wake wamkazi wa zaka ngati zinayi. Chinali chibayo. Nthiti zinkachita kulowa ndi kutuluka, milomo itauma. Abale ndi anansi anadzaza khonde, ndipo sanabwere kudzandipatsa moni.

Ndinapukusa botolo, n'kudzaza jakisoni, n'kubaya pantchafu. Nditangoyamba kukoka, bamboyo anandigwira dzanja.

"Ba dokota, mudonsa chani? Mankhwala yamangena mukati, siyamachoka."

Ndinayesa kufotokoza. Sipanathe ndi mphindi yomwe, koma timibulu tija tinapeza mpata. Atandisiya ndinakankha, gwa. Ndinakankhanso mwamphamvu, chinthu chomwe ndinaletsedwa chija, mwana akulira mawu osatuluka. Pakhonde wina anatchula banyama motsitsa, wina n'kubwereza mokweza. Sindibisa, ndinayeza ndi maso kukula kwa zenera lakumbuyo.

Ndinazula singano n'kuifinyira m'mbale pamaso pa bamboyo kuti aone yekha kuti yatseka. Anangoyang'ana, n'kuyamba kukulunga mwana mu chitenje. Ndinadziwa kuti akatuluka naye pakhomopo, mwanayo samaliza sabata. Ndinachonderera ngati wakuba wogwidwa kuti andilole kamodzi kokha. Anavomera, koma anati ndibaye kamodzi komweko, ndipo ndisadonse, kutanthauza kuti ndisakoke.

Ndinatenga singano ina m'poto wowiritsira, ikundiotcha zala. Ndinapukusanso mankhwala, n'kubaya ntchafu inayo. Chala changa chinkadziwa ntchito yake, chinafuna kukoka. Ndinayang'ana pakhonde, maso onse ali pa chala chomwecho. Sindinakoke. Ndinakankha pang'onopang'ono osaima, mankhwala onse n'kulowa bwinobwino popanda vuto lililonse.

Kenaka ndinangoti njo, kuyang'ana milomo ya mwanayo, kudikira kuti ide kapena ayambe kuphupha. Anthu ankayesa ndikupemphera. Ine ndinali kuwerenga mpweya wake, ndikudziwa kuti ngati nsonga ija inali mumtsempha, ndamupha ndine. Ndinkadziuza kuti ndachitira mwana, kuti asapite naye wosabayidwa. Koma mtima unkadziwa kuti ndaopanso zibakera za pakhonde paja. Mantha ngati amenewo sindinawamvenso, ngakhale tsiku limene ndinaona njoka m'nsapato yanga.

Mwanayo anapuma, napumanso. Womubaya majakisoni otsalawo anali mkulu uja, amene ankakoka pamaso pa aliyense popanda womufunsa, imvi zikumuteteza. Sindinamuuze zomwe ndinachita.

Patapita masabata awiri telala anabwera, mwana akuyenda yekha pambuyo pake akutafuna nzimbe. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Imwe ndimwe bantu babwino, ba dokota. Nauza bonse ku komboni kuti simudonsa."

Ndinamwetulira. M'mawa mwake ndinapeza amayi asanu atakhala pakhonde, ana ali pamiyendo. Anali atakana kubayitsa ana awo kwa mkulu uja. Ankadikira ine.