Mfuti Ikakana, Funsa Kunyumba

M'chipinda chomwe ankagona mothinana ku Karama, mumzinda wa Dubai, munthu yekhayo amene ankakhomera sopo m'sutikesi anali Luckson. Sikuti wina anamuberapo, ayi. Kungoti mkuluyu anabadwa ndi mtima woti aliyense womusekerera ali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho sichingakhale chabwino. Mnzake akamugulira tiyi pa kantini ya amwenye, ankamwa ndithu mpaka kupendeketsa kapu, koma khutu lili tcheru kudikira chomwe apemphedwe. Mwini wake ankati n'kuchenjera kumeneko. Anzake ankati ndi matenda.

Kwawo kunali kwa Santhe, ku Kasungu, komwe anasiya mkazi wake Hildah ndi mwana wawo Madalitso akukhala pakhomo limodzi ndi amayi a Lucksonyo. Ku Dubai anayamba ndi ulonda pa nyumba zazitali za ku Business Bay, ulonda wa manja lendelende, wopanda ngakhale chibonga. Kenako anapeza ntchito pamalo pena pomwe alendo ndi anthu opeza bwino amalipira kuti awombere mfuti pa zandamale zamapepala, n'kumajambulitsa ngati apha mkango. Poyamba ntchito yake inali yosesa makoko a zipolopolo. Mabwana ataona kuti sachedwa, saseka, ndipo diso lake silichoka m'manja mwa munthu, anamukweza. Tsopano ankaima kumbuyo kwa kasitomala, kumuikira zipolopolo, n'kuyamba iye kuwombera kuti amuonetse kagwiridwe kake. Kukayikira kwake kuja apa kunali pamalo pake, poti munthu wogwira mfuti sayenera kukhulupiriridwa.

Chinthu chimodzi chokha Luckson sankachikayikira, ndicho mtengo wa katundu. Ankati munthu amanama, koma chinthu chodula sichinama. Tsono pamalopo panali mfuti ina yam'manja yomwe inkagona payokha m'kabati yagalasi, yosalala, yothina bwino moti ukaigwedeza sinkalira gwedegwede ngati zinzake. Inali ya mtundu uja woti ukakhethemula imawomba, n'kulavula khoko, n'kudzitengera yokha chipolopolo china. Mtengo wake, anthu ankanong'onezana, ukanagula minibasi ku Lilongwe. Bwana wa pamalopo ankaisisita ngati mwana wachisamba.

"Habibi, mnzanga, iyi siikana," bwanayo anamuuza Luckson tsiku lomwe anamupatsa kiyi wa kabatiyo. "Ikakana, vuto ndi munthu."

Ndiye inakana. Tsiku lina masana, Luckson akuonetsa mlendo wina wovala wotchi yaikulu, mfuti inawomba koyamba, kachiwiri n'kuti zii, khoko litatsakamira pakamwa pake ngati ndudu. Analichotsa msanga, mlendo osadziwa kanthu. Anaitsuka madzulo ake mpaka inawala. Patapita masiku inakananso. Sabata yotsatira inabwerezanso zomwezo, m'manja mwake momwemo.

Apa m'pofunika kudziwa kuti Luckson anali mwana wa mlenje. Malemu bambo ake ankasaka ndi mfuti ya onga, gogodela, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo alenje a nthawi imeneyo anali ndi lamulo lawo. Mwamuna akakhala kuthengo, mkazi azidzisunga. Mfuti ikakana nyama ili pamaso, panalibe zopita kwa sing'anga, chifukwa mlandu unali utadziwika kale. "Mfuti ikakana, funsa kunyumba," ankatero bambowo. Ndipo ankafunsadi. Akabwera chimanjamanja, ana ankatulutsidwa panja, chitseko n'kutsekedwa, ndipo mafunso ake ankamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe.

Luckson anali munthu wa tchalitchi, ndipo zimenezi ankaziseka poyera. Koma amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, osanena kuti ena akagonera amasasa. A bambo ake aja anagonera mumtima mwake zaka zonsezi, n'kudzuka ku Dubai, m'chipinda chozizira ndi makina, iye atavala zotseka m'makutu.

Nkhani anaiika motere. Mwina mfutiyi siyenera mtengo wake, kapena Hildah sayenera chikhulupiriro chake. Zonse ziwiri sizikanakhala zolungama. Anayesa mfuti zotchipa zija, zogwedera ngati njinga ya kabaza, ndipo zinawomba bwinobwino osakana. Munthu wina akanapumira m'mwamba pomwepo. Luckson anati zotchipazo n'zopanda nzeru, zili ngati galu wam'mudzi amene amadya chilichonse, koma yodulayi ndiye imamva zinthu. Munthu akafuna kudzibaya sasowa minga.

Anayamba kumvetsera bwino akaimba foni yakanema. Hildah ankagulitsa kaunjika pamsika, ndipo mabelo ankamunyamulira mnyamata wina wa njinga yamoto, dzina lake Rodrick. Dzinali Luckson ankalidziwa kuyambira kale, ndipo iye yemwe ndi amene ananena kuti apeze wakabaza mmodzi wodalirika. Tsopano likatchulidwa linkamulasa. Hildah akavala chitenje chatsopano, ankafunsa wagula ndani. Akaseka, ankafunsa akusekeranji. Akapanda kuseka, ankaganiza kuti akubisa kanthu. Njinga ikalira pamsewu iwo akulankhula, ankasiya nkhani n'kumayang'ana maso a mkazi wake pa foni. Nsanje inamudya mpaka lamba wa buluku anayamba kufuna bowo lina, ndipo zinali zomvetsa chisoni kumuona, chifukwa mkaziyo ankamukonda zedi.

"Bambo a Mada, mukudwala kodi?" Hildah anamufunsa tsiku lina. "Maso alowa m'katitu."

"Ndili bwino. Inuyo ndiye mwanenepa."

"Ndiye ndiwonde kuti musangalale?"

Za mfutiyo sanauze munthu. Kuntchito aliyense ankaima m'kanjira kake kotchingidwa, makutu otseka, ndipo Luckson sanali woti n'kuulula kufooka kwake kwa anthu amene ankawaganizira kuti akufuna malo ake.

Tsiku lomwe zinafika pachimake, bwana anabwera ndi mnzake wolemekezeka kudzamuonetsa mfuti yake yonyaditsa. Luckson anaika zipolopolo, anaima bwino, anakhethemula. Inawomba, kenako zii. Bwana sanakalipe. Anangomuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena motsitsa kuti tsache lija lidakalipo.

Nthawi yopuma Luckson anatuluka kuseri kwa nyumbayo, komwe makina oziziritsa amalavulira mpweya wotentha. Dzuwa linali loswa mtengo, koma iye sanalimve. Anatulutsa foni, anadina pojambulira mawu, ndipo zonse zomwe anazisunga zinakhuthuka.

"Mayi a Mada, ine si mwana. Ndikudziwa zomwe mukuchita ndi wakabaza wanuyo. Musandifunse wandiuza ndani, wandiuza sanama. Ine ndikupsa ndi dzuwa kuno, inu mukundichititsa manyazi pakhomo pa amayi anga. Ngati mwatopa nane nenani, ankhoswe alipo."

Anatumiza, ndipo kwa kanthawi mtima unakhala m'malo ngati munthu amene wasanza.

Atabwerera m'kati anapeza Kapambwe pa tebulo lotsukira mfuti. Uyu anali mnzake wa ntchito wa ku Lusaka, wolongolola, amene Luckson ankamupewa poganiza kuti munthu woseka chotero sangasunge chinsinsi. Kapambwe anaona nkhope yake, anaona mfuti ija ili patebulo, n'kuyamba kuseka.

"Mudala, yakukana pamenso pa bosi? Sore maningi. Ine inanikana dzulo, na dzana futi."

Luckson anaima chilili. "Inunso imakukanani?"

"Tonse! Funsa aliyense wamene anaigwirapo. Iyi ni mwana wa olemera, mudala, ifuna vakudya vake. Manje bosi agula vipolopolo vochipa, elo kafumbi kang'ono chabe kangene, khalas, basi yakwiya. Tichosa chabe fasiti fasiti, kasitoma asaone. Uzauza bosi ati mwana wake ni waulesi? Ndani afuna kubwerera ku tsache?"

"Koma inu, kunyumba kwanu..." Luckson anayamba kufunsa.

"Kunyumba kwanga kwachita bwanji? Nilibe na mukazi ine. Nikhala na bachakolwa banayi mu rumu."

Luckson sanamve zotsalazo. Anatulutsa foni kuti afufute uthenga uja. Timizere tiwiri tinali titasanduka kale tabuluu, kusonyeza kuti uthengawo watsegulidwa. Ndipo m'pamene anakumbukira chinthu chomwe ankachidziwa bwino lomwe: amayi ake analibe foni, choncho uthenga wake uliwonse Hildah ankautsegula pakhonde mokweza, kuti agogo ndi mdzukulu amve nawo mawu a ku Dubai.

Anaimba, foni inangoitana. Anaimbanso ali m'basi, anaimbanso akukwera masitepe ku Karama. Mantha amene anamugwira sanali a tsache ayi.

Yankho linafika m'mawa mwake akuvala yunifolomu. Linachokera pa nambala ya Hildah, koma mawu anali a amayi ake, apansipansi, osakalipa.

"Luckson, ndine mayi ako. Tamva tonse, ndi mwana yemwe. Mkazi wako wandigwirira foniyi kuti ndilankhule, iye akuti alibe mawu. Wati wakuuza sanama. Ine ndakhala ndikudzifunsa kuti ndani, poti mtsikanayu ndimagona naye nyumba imodzi. Kenako ndakumbukira kuti umagwira ntchito ya mfuti. Mwana wanga, onga wa abambo ako unkanyowa. Denga linkadontha pamwamba penipeni pomwe ankaupachika, ndipo iwe ukudziwa, chifukwa mphasa yako inali pansi pa dontho lomwelo. Udzu sankafuna kufolera, koma ine ndiye ndinkafunsidwa. Khutu ili silimva mpaka lero. Ndinkati zinapita nawo kumanda."

Panamveka kaphokoso, ngati foni ikusinthana manja, ndipo Luckson anaikanikiza kukhutu kudikira mawu a Hildah. Kunangomveka nkhuku ndi chitseko, uthenga n'kutha.

Madzulo ake mlamu wake anamulembera kuti Hildah watenga mwana wapita kwawo, ndipo ankhoswe adzakhala pansi Luckson akadzabwera pa tchuthi, osati pa foni. Tchuthicho chinali kutali.

Mfuti ija bwana anaitumiza kwa amisiri ake, ndipo inabwerako itakonzedwa, ili m'bokosi la nsalu yofewa, ndi malangizo oti izidya zipolopolo zodula zokhazokha. Masiku ano imawomba bwino ndithu. Alendo akamufunsa Luckson ngati ikuyenera mtengo wake, iye amawaikira zipolopolo, n'kuwaongola zigongono, n'kuwauza kuti chala chikhale kutali ndi chokhethemulira mpaka atatsimikiza chomwe akuloza. Sopo uja anasiya kumukhomera. Nthawi yopuma amapita kuseri kuja kwa mpweya wotentha, n'kujambula uthenga wina wopepesa, ndipo timizere take timakhala totuwa.