Mayi Amene Ankamutcha Fulashi

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamvani za mayi wina amene anzake ankamutcha Fulashi.

Tsiku limenelo anakhala pa masitepe a ofesi yofufuza za mvula, nsapato zili m'manja, misozi ili mbwembwembwe. Mayeso a ku yunivesite anali atamugwetsa kalekale. Mwana wake wamkazi anamusiya kutali, kwa amayi ake. Ntchito anapezayi inali yoyeserera, ya miyezi itatu. Akamulemba ntchito yokhazikika, akatenga mwana. Akapanda kumulemba, basi.

Makompyuta akuluakulu a pa ofesipo anali m'chipinda chozizira, osalumikizidwa ku intaneti poopa akuba. Koma pulogalamu yolosera mvula inkafuna tizidutswa ta mapulogalamu ena kuti iyambe kugwira ntchito. Ikasowa kamodzi, inkangoima. Ndiye ankamutuma iyeyo kukwera minibasi kupita ku nthambi ina yokhala ndi intaneti, kukakopera kachidutswako pa fulashi, kachipangizo konyamulira zinthu za pa kompyuta. Akabwera nako, nakonso kankafuna kanzake. Abale inu, kutunga madzi ndi dengu!

Tsikulo anabweretsa chidutswa chatsopano, poganiza kuti chatsopano ndiye chabwino. Pulogalamu inkafuna chakale.

"Fulashi, watibweretsera mdzukulu, ife tikufuna agogo ake," anatero mkulu wa makompyuta, anthu n'kufa nazo.

Ali pa masitepe pomwepo, amayi ake anaimba foni.

"Mwanayu dzino laguluka. Walisunga m'kabokosi ka machesi, akuti udzalione. Ubwera liti?"

Mayiyo anamusowa mwana wakeyo mpaka chakudya kumukanika.

M'mawa mwake anagula kope. Ulendo uliwonse ankalemba dzina la chidutswa, nambala yake, ndi tinzake timene chikufuna. Anzake akapita kukadya, iye ankatsala akuphunzira. Kenako analemba kapulogalamu kake kakang'ono, kofufuziratu zonse zimene pulogalamu yaikulu idzafune, kuti azikopere pamodzi. Kanakana kanayi konse. Sanakasiye.

Sabata yomaliza ananyamuka m'mawa, n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu.

"Minibasi yachiwiri ukwera nthawi yanji?" anamuseka mkulu uja.

"Sindibwererako, bwana. Zonse zili umu."

Anabaya fulashi pa kompyuta. Pulogalamu inayenda, inayenda, mpaka kumapeto osaima. Mkuluyo anavula magalasi.

"Lolemba utiphunzitse tonse. Kalata yako ya ntchito ndisayina lero."

Loweruka anakwera basi ya kwa amayi ake. Mwana anamuthamangira kabokosi kali m'manja. Munali mano awiri.

"Amayi, mwabwera kudzangondiona, kapena kudzanditenga?"

"Longedza zako zonse, mwanangu, usasiye kanthu. Sitibwereranso kudzatenga zotsala."

Inu amene mukadali kuyenda maulendo obwerezabwereza, anthu akukusekani, musafooke. Gulani kope, lembani pamene mwaphunthwa. Tsiku lina mudzapita kamodzi kokha, n'kubwera nazo zonse.