Kachigubu ka a Herbert

Ku Chinsapo owotcherera ndi ambiri, koma woyamba ntchito ndi kupanga chidole ndi a Herbert okha. Ukawatuma makina osakanizira, usayembekezere dilamu mawa. Amayamba atenga chigubu cha mafuta ophikira chooneka mkati, n'kulowetsamo kachitsulo ka timapiko, kunja kachogwirira. Athiramo ufa, pamwamba supuni ya njerwa yopera, n'kumapukusa akuwerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 1. Pomwe patsala poyera ndiye kuti mapiko safikapo. Apinda phiko, ayesanso. Sabata imatha kasitomala akungoonda.

A Herbert anachokera ku Thyolo ali mnyamata, nagwira zaka zambirimbiri pa fakitale ina ku Kanengo. Udindo wawo unali waukulu ndithu: tsache. Koma wosesa amalowa paliponse, ndipo anaona kuti mainjiniya asanaitanitse thanki yaikulu ankayamba ayesa pa kathanki ka galasi. Powachotsa ntchito anawapatsa kalata yothokoza ndi ovolosi. Nzeru ija anadutsa nayo pageti alonda osaiona.

Ireen anawadziwa chifukwa cha gulu la amayi losakaniza ufa wa phala la ana: chimanga, soya ndi kapaketi ka ufa wachikasu wa mavitamini. Makina a gululo anapanga ndi a Herbert, ndipo powapereka ananena katatu kuti dilamu izifika theka basi. Amayi anavomera mmene timavomerera mlaliki wa m'minibasi.

Ireen yekha ndiye anasunga mawuwo. Mwana wake Luntha, wa chaka ndi miyezi itatu, anali atatsika kusikelo miyezi iwiri yotsatizana, ndipo anesi anali atamuyang'ana Ireen ngati ndi iye amadya phala la mwanayo.

Lachinayi lina magetsi anabwera cha m'ma teni. Poti sanena nthawi yopita, tcheya wa gulu, Mayi Saida, analamula kuti dilamu idzazidwe mpaka kukamwa, ntchito ithe kamodzi. Makina analira bwinobwino. Koma pothira m'matumba Ireen anaona thumba loyamba lili mbuu, lachitatu lili ndi mizere yachikasu. Ndiye kuti Luntha akadya phala lopanda kanthu, kapena akameza mavitamini a ana khumi pa mbale imodzi.

"Amayi, sizinasakanikirane," anatero motsitsa.

"Amake Luntha, Fomu 2 ija yayamba kuyabwa?" anatero Mayi Saida. "Makina azungulira, tonse tawamva. Kapena inu muli ndi makutu a ku Kanengo?"

Amayi anaseka. Woseka mochedwa m'gulu limenelo sakhalitsa, poti wolemba mayina ndi tcheya. Ireen anabereka Luntha ngati akupita kuseri, n'kuthamangira kwa a Herbert.

Bambowo sanafulumire. Anamaliza kaye tiyi, natenga kachigubu kawo m'khwapa.

"Mwabwera ndi mwana wanu, Ankolo?" anatero Mayi Saida atawaona. "Timupatse phala?"

"Ameneyu ndi woyamba kubadwa, Mayi. Dilamu yanuyo ndi mng'ono wake. Ameneyu mudzaze ndinu, muja mwadzazira mng'ono wakeyo."

Mayi Saida anadzaza mpaka kukhosi, mwamwano. A Herbert anathira njerwa pamwamba, napatsa tcheya chogwirira. Anapukusa makumi asanu. Ufa unkangozungulira wonse pamodzi ngati mtolo, chofiira chili phee pamwamba pomwepo.

"Ufa umafuna pogwera," anatero a Herbert. "Minibasi ikadzaza, wa kumbuyo afika bwanji kutsogolo?"

Anakhuthula theka, napatsa Ireen. Ireen anapukusa. Asanafike makumi atatu chigubu chonse chinali chitasanduka chofiirira, pansi ndi pamwamba chimodzimodzi.

Kenako Mayi Saida anapeza wolakwa, poti tcheya salakwa.

"Ndiye bwanji munapanga dilamu yonse ngati yogwira ntchito ndi theka? Theka linalo ndi lokongoletsa?"

"Theka linalo ndiye makinawo, Mayi."

Mayi Saida analamula kuti matumba onse anayi abwerezedwe, pang'onopang'ono. Atangothira loyamba magetsi anathima. A Herbert anamangirira chogwirira chachitsulo kumbali kwa dilamu, chomwe anachipangiratu podziwa mudzi wawo, n'kunyamuka osadikira zikomo, yemwe sanali m'njira n'komwe.

"A injiniya athu apukuse," anatero Mayi Saida. "Si ndiwo akudziwa?"

Ireen anapukusa maulendo anayi, thumba limodzi pa ulendo, Luntha akugwedezeka kumsana mpaka kugona. Ulendo uliwonse ankatapa ufa pansi, pakati ndi pamwamba, n'kuuyala padzanja kuti aone mtundu. Amayi ena awiri anayamba kusinthana naye mwakachetechete, tcheya atayang'ana kumbali.

Ireen anafika kunyumba zikhatho zili matuza, naphika phala. Luntha anameza masupuni asanu, yachisanu ndi chimodzi anamulavulira mayi wake pachifuwa. Ireen anapukuta, natapanso ina.